Kampani ya ndege ikamveka kuti igulidwa: mphwanu achoke kapena adikire?

Funso lachokera ku Tsangano, m'boma la Ntcheu: "Ndine mlimi wa kachewere. Mwana wa mlongo wanga amayendetsa ndege kunja, ku kampani ina ya ndege za mitengo yotsika. Wagwirako zaka zitatu ngati wachiwiri kwa kaputeni pa Boeing 737. Kuti aphunzire tinasonkherana pa mtundu, ng'ombe zinapita, nyumba ya pa boma inalowa chikole ku banki, ndipo ngongoleyo sinathe. Pano akuti kuntchito kwawo kwadzaza mphekesera zoti kampani yawo iphatikizana ndi ina yaikulu, ndipo anzake ena ayamba kale kufunsira ntchito kwina. Akundifunsa nzeru monga malume ake, koma ine ndege ndimangoziona zikudutsa m'mwamba. Kodi ntchito imuthera? Ndimuuze achoke msanga kapena akhale?"

A malume, musamuuze kuti achoke chifukwa cha mphekesera zokha. Komanso musamuuze kuti agone tulo. Ine ndinayendetsapo ndege zonyamula anthu, kenako ndinaphunzitsa achinyamata a msinkhu wa mphwanuyu, ndipo ndinakhalapo m'mikumano ya bungwe la oyendetsa ndege nkhani ngati iyi ili mkamwamkamwa. Mantha amene ali nawo mnyamatayu ndimawadziwa, ndipo si mantha achabe. Kungoti nthawi zambiri anthu amaopa chinthu china pamene choluma chenicheni chili pena.

Tiyambe ndi mphekeserazo. Makampani a mitengo yotsika phindu lawo pa munthu mmodzi ndi lochepa kwambiri. Amadalira kudzaza mipando, kuulutsa ndege maola ambiri pa tsiku, ndi kuitembenuza msanga ikangotera, ena mkati mwa mphindi 25 kapena 30 yanyamukanso. Mafuta akakwera, kapena dola ikakwera pamene lendi ya ndege amalipira m'madola, phindulo limasungunuka. N'chifukwa chake chaka ndi chaka mumamva kuti uyu agula uyu. Koma kumveka ndi kuchitika ndi zinthu ziwiri zotalikirana. Mu 2021 zinamveka kuti Wizz Air yafunsira kugula easyJet ku Ulaya. EasyJet inakana, nkhani inathera pomwepo. Ryanair inayesa katatu kugula Aer Lingus ya ku Ireland, ndipo bungwe la European Commission linaletsa mu 2007 komanso mu 2013. Kuno kum'mwera, Airlink ndi Safair, eni ake a FlySafair, anagwirizana zophatikizana, koma Competition Commission ya ku South Africa inakaniza mu 2018.

Nkhani yomveka kwambiri ndi ya Spirit ku America. Mu Febuluwale 2022 Spirit inagwirizana ndi Frontier. JetBlue inalowerera ndi ndalama zochuluka, pafupifupi madola 3.8 biliyoni, ndipo mu Julayi chaka chomwecho Spirit inasiya Frontier n'kusainirana ndi JetBlue. Boma linakasuma, ndipo mu Januwale 2024 woweruza William Young wa ku Boston anagamula kuti kugulako kusachitike, ponena kuti anthu odalira matikiti otsika mtengo adzapwetekeka. Mu Malichi 2024 mgwirizano unatha. Taonani: zaka ziwiri zathunthu oyendetsa ndege a makampani atatu akuwerengetsera za tsogolo lawo, mapeto ake palibe anaphatikizana ndi mnzake. Ngati zosainidwa kale zimagwa chonchi, nanga za m'makonde? Ndipo mwina simudziwa kuti ofesi imodzi younika zoterezi ili konkuno kwathu: bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda lili ku Lilongwe, ndipo kuyambira 2013 makampani akuluakulu ochita malonda m'maiko angapo a COMESA akafuna kuphatikizana amayenera kudzera kumeneko. Kuunikako kumatenga miyezi.

Tsono tinene kuti zachitikadi. Chimene chidzagamule za moyo wa mphwanu si dzina lolembedwa pa mchira wa ndege ayi, koma nambala yake pa mndandanda wa seniority. Apa ndichedwepo, chifukwa anthu a kunja kwa ntchito imeneyi samvetsa kulemera kwake.

Tsiku limene woyendetsa ndege walembedwa ntchito amapatsidwa nambala. Wolembedwa dzulo ali pamwamba pa wolembedwa lero, ngakhale waleroyo atakhala katswiri woposa. M'makampani ambiri nambalayi ndiyo imanena amene ayambe kusankha masiku opuma, amene atenge tchuthi cha Khirisimasi, amene akhale m'tauni imene muli banja lake, amene ayambe kuyesedwa kuti akhale kaputeni, ndiponso amene ayambe kutuluka zinthu zikavuta, pakuti kuchotsa kumayambira pansi. Ndimakumbukira mndandanda watsopano ukamatidwa pa bolodi m'chipinda chimene timasainira tisananyamuke: anthu akuluakulu, a mizere inayi paphewa, ataima duu, chala chikutsika pa pepala dzina ndi dzina, milomo ikuwerenga chamumtima kuti patsogolo pawo patsala angati. Palibe ankalankhula mpaka atadzipeza.

Choopsa cha nambala imeneyi n'chakuti sumapita nayo kwina. Mphunzitsi wa ku Ntcheu akasamutsidwira ku Dedza zaka zake zimamutsata. Woyendetsa ndege akasiya kampani n'kulowa ina, amakayambira pansi penipeni, pambuyo pa mwana amene walembedwa sabata yatha. Ndiye anzake a mphwanu amene akuthamangira kwinawo, ngati kumeneko kudzavute, oyamba kutuluka adzakhala iwowo.

Makampani awiri akaphatikizana, mindandanda iwiri iyenera kukhala umodzi, ndipo nkhondo imagona pamenepo. Zili ngati zigayo ziwiri pamsika, chilichonse ndi mzere wake wa matumba, kenako eni ake n'kugwirizana kuti pazigaya chimodzi. Kodi a mzere winawo akaime kumbuyo kwa onse? Kodi tilowetsane mmodzi uku mmodzi uku? Kapena tifunse aliyense nthawi imene anafika? Njira iliyonse mwa zitatuzi ili ndi woseka ndi wolira. Kutsata tsiku lolembedwa kumakomera kampani yakale ngakhale ikhale yodwala. Kulowetsana molingana ndi udindo kumakomera kampani yaing'ono imene ikukula msanga, kumene munthu amakhala kaputeni ali wamng'ono. Kuika gulu lonse pansi pa linzake, komwe oyendetsa ndege amati kuwamenya sitepula, ndiye nkhanza yeniyeni.

Zinachitikapo zimenezi. American Airlines itagula TWA mu 2001, oyendetsa ndege a TWA oposa theka anaikidwa pansi pa mndandanda, ena atagwira ntchito zaka zambiri. Patangotha miyezi yochepa kunachitika chiwembu cha pa 11 Seputembala, anthu anachepa m'ndege, ndipo kuchotsa kutayamba anayamba ndi iwowo. Zinawawa mpaka nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo mu 2007, lotchedwa McCaskill-Bond, lonena kuti mindandanda iziphatikizidwa mwachilungamo, ndipo akalephera kumvana nkhani izipita kwa mkhalapakati. Koma mkhalapakati nayenso sakondweretsa onse. US Airways itaphatikizana ndi America West mu 2005, mkhalapakati George Nicolau anapereka chigamulo chake mu 2007. A US Airways amene anali oimitsidwa ntchito pa nthawiyo anaikidwa pansi, ndipo ena a zaka zambiri anapezeka ali limodzi ndi ongolembedwa kumene a mbali inayo. Anakwiya, anatuluka m'bungwe la oyendetsa ndege la ALPA n'kuyambitsa lawo mu 2008, milandu inapita kukhothi, ndipo magulu awiriwo anakhala akuuluka padera, malipiro osiyana, yunifolomu imodzi. Mndandanda umodzi unadzatheka mu 2016, kampaniyo itaphatikizana kale ndi American. Ndimaitchula nkhani imeneyi nthawi zonse chifukwa amene anataya ndalama zambiri m'zaka zokanganazo ndi oyendetsa ndege eni ake a mbali zonse ziwiri, pamene malipiro awo anaima malo amodzi.

Musaganize kuti zonse zimathera m'misozi. Southwest itagula AirTran mu 2011, a AirTran ambiri anatsika pa mndandanda, ena ukaputeni unawachoka kwa kanthawi, koma analowa m'kampani yolipira bwino ndi yolimba kuposa yawo. Alaska Airlines inagula Virgin America mu 2016, ndipo malipiro a oyendetsa ndege a Virgin America anakwera. Pali nthawi zinanso pamene wogula akufuna anthuwo kumene. Ndege zatsopano zimachedwa kubwera kuchokera ku Boeing ndi Airbus, kuphunzitsa kaputeni kumatenga zaka, ndiye njira yachidule yokulira ndi kugula kampani yokhala nazo zonse ziwiri. JetBlue sinabise kuti ku Spirit inkafunako ndege za Airbus ndi oziyendetsa omwe. Pa kuphatikizana kwa mtundu umenewu oyamba kulira amakhala a m'maofesi, chifukwa kampani imodzi siifuna akuluakulu a zachuma awiri, pamene ndege iliyonse imafunabe anthu awiri kutsogolo.

Kwa munthu wa zaka zitatu ngati mphwanu, chimene ndikuona kuti angataye kwambiri si ntchito koma nthawi. Makampani a mitengo yotsika amaulutsa anthu awo pafupi ndi malire a lamulo, omwe ku Ulaya ndi maola 900 pa chaka. Mwa kuwerengera kumeneko ayenera kuti anadutsa kale maola 1,500 ofunika pa chiphaso chachikulu cha ATPL, ndipo akuyandikira maola amene makampani ambiri otere amafuna kuti munthu ayesedwe ukaputeni, 3,000 kapena kuposerapo. Ali pakhomo. Mindandanda ikaphatikizidwa, patsogolo pake pakhoza kulowa anthu mazana, ndipo mpando wa kumanzere, wa kaputeni, umene amauyembekezera chaka chamawa n'kutalikira zaka zingapo. Malipiro a kaputeni ndi a wachiwiri wake amasiyana kwambiri, ndiye kuchedwa kumeneku ngongole yanu ya ku banki idzakumva. Koma onani mbali inayo: akachoka lero, kumene akupitako ukaputeniwo akauyamba kuuwerengera kuchokera pa ziro. Kusiya khomo limene wayandikira poopa kuti mwina litalikira, n'kukaima pa khomo lotalikiratu, si nzeru.

Mtundu wa ndege nawo uli ndi mawu. Chiphaso cha woyendetsa ndege chimalembedwa mtundu umene waphunzira, ndipo wa Boeing 737 sangangolowa mu Airbus A320 osachita maphunziro ena a masabata angapo, okwera mtengo kwambiri. Makampani a mitengo yotsika amakonda mtundu umodzi kuti zipangizo, amakaniko ndi maphunziro zikhale zimodzi. Southwest imauluka 737 yokha, moti ndege za Boeing 717 zokwana 88 zimene inazipeza ku AirTran inazibwereketsa ku Delta. Alaska nayo inachotsa Airbus zonse za Virgin America pofika 2023, oziyendetsa n'kuphunzira 737. Mphwanu afufuze kuti kampani ikumvekayo imauluka chiyani. Ngati ndi 737, zinthu zimupepukira. Ngati ndi mtundu wina, funso ndi lakuti maphunzirowo alipira ndani. Mwayi wake ndi wakuti 737 ndi ndege yopezeka paliponse. Ngakhale Malawi Airlines imene mumaiona ikulunjika ku Lumbadzi ili nayo, Ethiopian ndi Kenya Airways nawonso.

Palinso kuphatikizana kwina komwe kumangokhala kumeza. Ryanair itagula Buzz kuchokera ku KLM mu 2003, inaimitsa ndege za Buzz kwa mwezi, inatseka njira zambiri, antchito ambiri anachotsedwa, otsala anauzidwa kusaina malamulo atsopano a ntchito. Zoterezi zimachitika pamene wogula akufuna malo oterera pa mabwalo a ndege, osati anthu. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: makampani awiriwo akamauluka njira zomwezomwezo kuchokera m'mizinda yomweyo, padzakhala kudula, akamauluka kosiyana, padzakhala kukula.

Tsopano ndinene chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Kawirikawiri mphekesera zogulidwa zimabuka chifukwa kampaniyo yadwala. Zikatero, kugulidwa ndiye chipulumutso, ndipo tsoka lenileni ndi pamene wogula sapezeka. Spirit ija, kugulidwa kutalephereka, ndege zake zina zili pansi chifukwa cha vuto la mainjini a Pratt & Whitney, inaimitsa ntchito oyendetsa ndege mazanamazana, makaputeni ena n'kutsitsidwa kukhala achiwiri, ndipo inakapempha chitetezo cha khothi pa ngongole zake mu Novembala 2024, kenakonso mu Ogasiti 2025. Ku South Africa 1time inagwa mu 2012, Mango inasiya kuuluka mu 2021, ndipo Comair, eni ake a kulula.com, kampani imene inakhalapo kuyambira 1946, inatha mu Juni 2022. Ifenso tinaziona: Air Malawi inathetsedwa, ndipo Malawian Airlines imene inayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 Ethiopian 49, inali kampani yatsopano yolemba anthu mwatsopano. Kampani ikagwa palibe mndandanda woti mukanganirane. Nambala ya aliyense imafera pomwepo, kaputeni wa imvi ndi mnyamata wadzulo onse amakaima pa mzere umodzi wofunsira ntchito. Choncho funso loti mumufunse mphwanu si lakuti "Kodi mugulidwa?" koma lakuti "Kodi kampani yanu ili bwino?" Malipiro akubwera pa tsiku lake? Ndege zingati zaimikidwa pakona, mainjini atatsekedwa ndi zivundikiro zofiira, masabata n'kumapita? Eni ndege za lendi ayamba kutenga zawo? Mayeso a mu simulator, makina oyeserera kuyendetsa ndege uli pansi, a miyezi isanu ndi umodzi iliyonse akuchitika pa nthawi yake, kapena akungosunthidwa? Akuluakulu a zachuma akusiya ntchito motsatizana? Zimenezi iye amaziona ndi maso tsiku lililonse, ndipo zimanena zoona kuposa za pa WhatsApp. Ngati zitatu kapena zinayi mwa izi zikuoneka, ndiye ayambe kufunsira kwina lero lomwe, kaya kugulidwa kulipo kaya kulibe.

Pali chinthu china chimene chimakhudza iye monga Mmalawi wogwira ntchito kwa eni. Alendo ambiri salembedwa ndi kampani ya ndege mwachindunji, amadzera kwa ma ejenti pa kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo otere nthawi zambiri sakhala n'komwe pa mndandanda uja. Kudula kukayamba, boma lililonse ndi bungwe lililonse la antchito limateteza nzika zake poyamba. Chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo nachonso kawirikawiri chimalembedwa dzina la kampani, ndiye dzina likasintha chiyenera kukonzedwa. Atenge kontirakiti yake aiwerenge modekha, aone kuti womulemba ndani kwenikweni, ndi zimene yanena ngati kampani yagulitsidwa. Maiko ena amateteza wantchito pamenepa: ku South Africa gawo 197 la Labour Relations Act limati bizinesi ikagulitsidwa ikuyenda, antchito amapita kwa mwini watsopano ndi zaka zawo zomwe, ndipo lamulo lathu la Employment Act la 2000 lili ndi mfundo yofanana. Koma malamulo amenewa amateteza kontirakiti ndi zaka zogwira ntchito; malo a munthu pa mndandanda wophatikizidwa amakambidwa ndi bungwe la oyendetsa ndege. Ngati kuli bungwe lotero ndipo alendo amaloledwa, alowe tsopano, azisonkha ndi kupita ku mikumano. Ndaonapo achinyamata akukana kusonkha kandalama ka pamwezi ati n'kuwononga, tsiku la tsoka n'kupezeka alibe womuyankhulira pa tebulo limene tsogolo lawo likugawidwa.

Afufuzenso za bondi. Ngati kampani ndiyo inamulipirira maphunziro a 737, ayenera kuti anasaina kuti akachoka zaka zakuti zisanakwane adzabweza ndalama. Akasiya yekha, ngongoleyo ndi yake, ndipo idzabwera kudzakhala pamwamba pa ya ku banki ija. Akachotsedwa ndi kampani, makontirakiti ambiri samubwezetsa, ndipo amalandiranso ndalama zochotsedwera ntchito. Kusiyana kumeneku kokha n'kokwanira kumuletsa munthu kulemba kalata yosiya ntchito ali ndi mantha.

Podikirapo asakhale manja lende. Buku lake la maola likhale lolembedwa mpaka ulendo wadzulo, losainidwa ndi kudindidwa ndi ofesi ya mkulu wa oyendetsa ndege, chifukwa kampani ikatseka zitseko wodinda sapezekanso, ndipo ndaona anthu akuvutika kutsimikizira maola amene anaulukadi. Atenge makope a zotsatira za mayeso ake onse a mu simulator, chiphaso cha dokotala chisathe, ATPL ngati sanamalize amalize. Kutumiza makalata ofunsira ntchito si kulakwa, kupita kukayesedwa si kulakwa; cholakwika ndi kusiya ntchito asanagwire m'manja kalata yosainidwa yokhala ndi tsiku loyambira. Ndipo kalatayo ikabwera kuchokera ku kampani yaikulu yolimba imene akufuna kudzakalambirako, pamenepo zaka zitatu si zambiri zoti n'kuzilirira, apite ndithu. Chimene ndikukana ndi kudumpha kuchoka pa kampani yaing'ono kupita pa inzake yofanana nayo chifukwa choti anzake akudumpha.

Mbali yanu, a malume, ndi ya kumudzi. Mwana woyendetsa ndege mtundu wonse umamuona ngati nkhokwe: feteleza, fizi, maliro, malata, zonse foni imalira kwa iye. Inu ndinu mwini mbumba, mawu anu amamveka. Itanani alongo anu ndi ena onse muwauze kuti kwa chaka chino zopempha zichepe, kuti mnyamatayu asunge ndalama zoti angadye miyezi isanu ndi umodzi popanda malipiro, m'ndalama ya kumene aliko osati m'makwacha, poti mukukumbukira mmene kwacha inagwera mu Novembala 2023. Woyendetsa ndege akakhala masiku 90 osanyamuka ndi kutera katatu saloledwa kunyamula anthu mpaka akakonzenso mu simulator, ndipo ngati alibe ntchito ndalama yake imachoka m'thumba mwake. Ndalama yosungayo ndiyo idzateteze chiphaso chimene munagulitsira ng'ombe. Za nyumba ya chikole, pitani ku banki pano pamene simunaphonye mwezi ngakhale umodzi, mukafunse ngati angatalikitse nthawi yobwezera zinthu zitavuta, ndipo yankho lawo akupatseni polemba. Kachewere wa chaka chino akagulitsidwa pa Tsangano Turn-off, patulanipo ya miyezi iwiri kapena itatu ya ngongoleyo muisunge padera.